Njinga Yamoto Ikufa Ngongole Isanathe: Tifunse Makilomita, Osati Zaka

Alimi anzathu, chaka chilichonse tikangogulitsa nandolo, soya ndi fodya, ambiri a ife maso amakhala pa chinthu chimodzi: njinga yamoto. Kuno ku Chiponde sitivutika n'kusaka. Kungowoloka malire kulowa ku Mandimba, kapena kungoima pamsika pompano, zilipo zofiira ndi zakuda, mapulasitiki akadali pachishalo. Ife sitikuletsa kugula ayi. Njinga yamoto yatitula katundu pamutu, yafikitsa amayi oyembekezera kuchipatala usiku, yapatsa anyamata athu ntchito ya kabaza. Chomwe tikukana ndi bodza limene timalandira pamodzi ndi makiyi.

Mukafunsa wogulitsa kuti, "Kodi achimwene, imeneyi indikhalitsa nthawi yaitali bwanji?" yankho limakhala lomwelomwelo: "Bambo, iyi ndi ya zaka khumi, mudzasiyira ana." Iye akudziwa bwino lomwe kuti funso lathulo talifunsa molakwika, koma sangatikonze chifukwa kulakwitsa kwathuko ndiye phindu lake. Njinga yamoto siwerenga zaka ngati mwana. Imawerenga makilomita. Yoimikidwa m'nyumba, yotulutsidwa pa Eid ndi paukwati pokha, ikhozadi kukhala zaka khumi. Koma kodi ndani mwa ife anagulitsa matumba ake a nandolo kuti agule chokongoletsa pabalaza?

Tiyeni tiwerengere limodzi. Kuchoka pa Chiponde, kudutsa pa Namwera, kutsika mapiri aja mpaka pa mlatho wa Bakili Muluzi pa boma la Mangochi, ndi makilomita opitirira 50. Kupita ndi kubwerera akwana 100. Mnyamata wa kabaza amene akuyenda makilomita 100 patsiku, masiku asanu ndi limodzi pasabata, chaka chikamatha wadutsa makilomita 30,000. Mlimi amene akuiyendetsa yekha kumunda, kumsika ndi kumsonkhano, makilomita 20 patsiku, pachaka amangofika cha m'ma 6,000. Ndiye kuti ulendo umene njinga ya mlimiyu idzayende m'zaka zisanu, ya kabaza yaumaliza m'chaka chimodzi. Nanga zaka khumi zija ndi za uti mwa awiriwa?

Mwina mufunsa kuti, nanga makilomitawo ndi angati? Tikuuzani zomwe tinaona ndi maso athu. Ena mwa ife tisanayambe ntchito ya bungwe lino tinali alangizi a zaulimi. Chaka china pulojekiti ina inatipatsa njinga za 125cc, zamtundu umodzi, tsiku limodzi, zithunzi n'kujambulidwa. Imene tinalandira ife inadutsa makilomita 60,000 injini isanatsegulidwepo. Ya mnzathu inayamba kufuka utsi wabuluu isanakwane n'komwe 20,000. Kusiyana kwake sikunali mwayi kapena mankhwala. Pulojekitiyo inagula njinga koma ndalama ya sevisi sinaiike pa bajeti. Ife tinkachotsa ndalama ya oyilo pa kamalipiro kathu, mnzathuyo ankadikira ofesi, ndipo ofesiyo inkadikira likulu. Sitikumunena, anali ndi ana asanu pasukulu. Njinga yake inathera kuseri kwa ofesi pamodzi ndi zinzake zakale, nkhuku zikuikira mazira pansi pake, ndipo midzi yakutali imene ankayendera inangoona kuti mlangizi wasiya kubwera. Amene analipira mtengo wa oyilo wosagulidwayo ndi alimi.

Njinga zambiri zazing'ono zimene zikuyenda kunozi zili ndi injini yotengera kapangidwe ka Honda CG125, imene inatuluka m'chaka cha 1975. Akatswiri a kampaniyo asanaipange anayendera maiko a ku Asia ndipo anapeza kuti anthu amasenzetsa njinga katundu wopitirira muyeso komanso sasintha oyilo mpaka injini itaima. Choncho anapanga injini yopirira, yosavuta kukonza. Koma kupirira kuli ndi malire. Injini imeneyi imatenga oyilo wokwana pafupifupi lita imodzi yokha. Oyilo yemweyo ndiye akutsatira pisitoni, yemweyo magiya, yemweyonso kilatchi. Ilibe madzi oziziritsa, imadalira mphepo basi, ndiye taganizirani ikukwera phiri lochokera kunyanja mu Okutobala, itasenza awiri ndi thumba. Ilibenso sefa ya oyilo yosintha ngati ya galimoto. Oyilo akada, tizitsulo tonyenyeka timangozungulira m'katimo n'kumadya injini.

N'chifukwa chake oyilo woyamba ayenera kukhetsedwa njinga ikangoyenda makilomita 500 mpaka 1,000, ndipo pa fumbi lathu lino ife timalangiza kusintha pa makilomita 1,000 alionse. Kwa mnyamata wa kabaza uja, ndiye kuti masiku khumi alionse. Kodi wogulitsa anakuuzani zimenezi? Kodi wobwereketsa ndalama anaika oyilo ameneyu pa masamu ake pamene ankakuonetsani phindu la pamwezi?

Apa tisabisalirane, mbali ina ya mlanduwu ndi yathu. Timagula oyilo wa m'mabotolo a zakumwa osadziwa kuti wachokera kuti, pena ali wokhetsedwa kale m'galimoto. Sefa ya mpweya, kasiponji kaja kofunika kutsuka kawirikawiri, ena saidziwa n'komwe pamene ili, ena amachita kuichotsa ati njinga ithamange. Fumbi likalowa m'injini limakhala ngati sanipepa pa pisitoni ndi maring'i. Tcheni timaisiya youma, yodzaza mchenga, mpaka mano a sipuloketi atapindika. Ndipo katundu! Njinga zamtunduwu zinapangidwa kuti zinyamule makilogalamu cha m'ma 150, kuphatikizapo woyendetsa. Ife timamanga matumba atatu a makilogalamu 50, munthu n'kukhala pathanki, kenako n'kumadabwa kuti kilatchi yapsa, masipoko akuthothoka.

Koma mlimi sangasamale chinthu chimene sanauzidwe kasamalidwe kake. Njinga zambiri zikugulitsidwa popanda buku la malangizo, ndipo likapezeka limakhala la Chipwitikizi kapena Chitchaina. Lisiti palibe. Chitsimikizo choti ikawonongeka m'miyezi yoyambirira adzakonza, palibe. Zogula kwa wina ndiye zoopsa kwambiri. Mita yowerenga makilomita imayendera kawaya kochokera ku gudumu lakutsogolo. Kakaduka, kapena wina akangokamasula, manambala amaima pomwepo njinga ikuyendabe. Mudzaona mita ikunena 8,000 pamene njingayo yatha zaka ziwiri pa siteji ya kabaza, aipaka penti ndi kuvala chishalo chatsopano. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Musanapereke ndalama iyendetseni pang'ono muone ngati manambala akusuntha, ilizeni injini ili yozizira muone utsi, yang'anani mano a sipuloketi ndi labala wa popondera. Zimenezi sizinama ngati mita.

Dziko lino lili ndi lamulo loteteza ogula la m'chaka cha 2003, ndipo bungwe la Competition and Fair Trading Commission limalandira madandaulo a ogula. Koma mudzapita nacho chiyani kumeneko ngati njinga inalowa m'dziko usiku kudzera njira yachidule, msonkho wa MRA osalipira, nambala yopanda, inshulansi yopanda, lisiti yopanda? Kutchipa kumene timakuthamangirako ndi komwenso kumatitseka pakamwa.

M'kalabu ina ya kuno, mayi wina wamasiye anatenga njinga pangongole ya miyezi 18 kuti mdzukulu wake aziyendetsa kabaza n'kumabweretsa ndalama tsiku ndi tsiku. Mnyamatayo, pofuna kukwanitsa ndalama ya tsiku, ankadumpha sevisi. Mwezi wa khumi injini inagwira pakati pa msewu. Apa n'kuti ndalama ya kwacha itagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya zipangizo itakwera. Obwereketsa sanafune kumva za pisitoni. Mayiyo anagulitsa mbuzi zake, kenako anabwereketsa munda wake kwa wina nyengo yonse, kulipirira njinga imene inali itatsamira khoma. Pomusainitsa palibe anamufunsa kuti njingayo iziyenda makilomita angati patsiku. Ngongole yotere, yotalika kuposa moyo wa chinthu chogulidwacho, ife tikuitcha msampha, ndipo tipitiriza kuitcha choncho pamaso pa eni ake.

Palinso nkhani ya misewu. Tala wa M3 ali pomwepo, koma mbewu sizimera patala. Zimachokera kuminda, m'misewu ya fumbi ya mabampu ndi zigwembe imene imamasula nati iliyonse ndi kuthyola masipuling'i. Pa lita iliyonse ya petulo yogulidwa pa filing'i siteshoni pamakhala msonkho wa misewu umene umapita ku Roads Fund Administration. Mlimi wa njinga yamoto akulipira msonkho umenewu ngati mwini galimoto wa ku Blantyre. Tili ndi ufulu wonse wofunsa khonsolo ya Mangochi, makhansala ndi aphungu athu kuti misewu yotulutsira mbewu izipalidwa mvula ikangotha, kukolola kusanayambe, osati kudikira chaka cha chisankho.

Kwa ogulitsa amene akufuna ndalama za mamembala athu, mawu athu ndi awa: lisiti yolembedwa nambala ya injini ndi ya felemu, mita yogwira ntchito, ndi pepala la kasamalidwe m'Chichewa ndi m'Chiyao. Wokana zimenezi makalabu athu asamugule. Mabungwe opereka njinga kwa alangizi ndi alimi otsogola aike ndalama ya oyilo, matayala ndi tcheni pa bajeti yomweyo imene agulira njinga, apo ayi agule zochepa zimene angathe kuzisamala. A TEVETA, amene akhala akuphunzitsa ntchito zamanja kuyambira 1999, tikuwapempha maphunziro afupiafupi a amakaniko a njinga zamoto konkuno, chifukwa anyamata okonza pansi pa mitengo pa Chiponde ndi pa Namwera ndi amene agwira moyo wa injini zathu m'manja.

Kuti tikalankhule ndi anthu amenewa tikufunika manambala athuathu. Membala aliyense amene ali ndi njinga yamoto agule kope la ana asukulu, azilembamo tsiku losintha oyilo, nambala ya pa mita ndi chilichonse chimene wagula. Amene mita inafa, kawaya kake n'kotsika mtengo kuposa pisitoni. Alembi a makalabu atolere mtundu wa njinga, chaka chogulira, makilomita amene yayenda ndi pamene injini inatsegulidwa koyamba, ndipo abwere nazo ku msonkhano wa dera ukubwerawu. Za njinga zomwe zinafa kale muzilembenso, makamaka zimene ngongole yake ikulipiridwabe.