Madandaulo a Okalamba a ku Mitundu ndi ku Nathenje

Ife agogo a kuno ku Mitundu ndi ku Nathenje, amene tinalima fodya ndi chimanga mpaka msana kupindika, tikupempha kuti mutimve.

Matenda athu sali ngati malungo, oti umwa LA masiku atatu n'kudzuka. Ife tikuvutika ndi BP, shuga, nyamakazi ndi ng'ala m'maso. BP ndi shuga zimafuna mankhwala tsiku lililonse mpaka imfa. Ukadukiza, sitiroko ikupeza uli m'munda, ndipo adzukulu amene ukulera amasanduka okusenza.

Tsono taonani ulendo wopita kuchipatala kukatenga mankhwalawo. Kulawira mbandakucha, kubwereka ndalama ya kabaza chifukwa mawondo akukana, kukakhala pamzere m'mimba muli pululu. Dzuwa litapendeka, akulembera m'buku n'kukuuza kuti mankhwala atha, ukagule kufamase. Tigula ndi chiyani? Chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa chilichonse unakwera, ndipo ambiri mwa ife sitili pa Mtukula Pakhomo. Ena timangomwa theka la piritsi kuti mankhwala afike kumapeto a mwezi. Akakutumiza ku Kamuzu Central kapena ku Nkhoma kukaonetsa maso, pamafunika thiransipoti ya anthu awiri, poti wakhungu sayenda yekha.

Chimene chimatiwawa koposa ndi mawu akuti, "Ndi ukalamba umenewo, agogo," asanatiyeze n'komwe. Anamwino ambiri ndi ana athu aulemu, otopa ndi ntchito, izo tikudziwa. Komabe mawu amenewa abweza anzathu ambiri pakhomo, osadzabwereranso. Ndipo nkhalamba ikayamba kuiwalaiwala n'kumasochera, m'mudzi amati ndi mfiti, pamene ndi matenda a ubongo.

Mu 2024 aphungu anavomereza lamulo loteteza okalamba, ndipo a bungwe loona za okalamba la MANEPO analimenyera nkhondo kwa zaka zambiri. Tinasangalala titamva pa wailesi. Tikufuna tilione likugwira ntchito kumudzi kuno.

Sikelo ya ana imabwera pansi pa mtengo mwezi ndi mwezi. Bwanji tsiku lomwelo mlangizi wa zaumoyo osanyamulanso makina oyezera BP ndi shuga? A Unduna wa Zaumoyo, a khonsolo ya Lilongwe, ndi inu mafumu athu: tipatseni mankhwala a miyezi itatu nthawi imodzi, muike mzere wa okalamba m'zipatala, ndipo kliniki yathu ibwere kumudzi monga ibwerera ya ana.