Dzuwa la ku Nanjoka siliphika nsima ku Migowi

Akuti EGENCO, kampani ya boma yopanga magetsi, yatembenukira ku dzuwa: ma sola a mamegawati 10 ku Nanjoka, ku Salima, poyambira. Chabwino. Namondwe Ana atawononga Kapichira mu Januwale 2022 tinataya mamegawati pafupifupi 130. Kudalira Shire yekha n'kudzipha, ndipo dizilo ndi utsi wodula. Apa sitikutsutsa.

Koma asatiuze zoomba m'manja. Dzukani m'mamawa kuno ku Migowi muwerenge njinga za makala. Mitengoyo ikuchoka m'mapiri omwewa. Agogo athu sanaiwale napolo wa ku Michesi wa 1991. Ife tinaona Freddy akukwirira midzi ku Nkhulambe mu Malichi 2023.

Mayi wophikira pa mbaula si mdani wa chilengedwe ayi. Waya sunafike kwawo, ndipo komwe unafika, mayunitsi sapirira mphika wa nyemba.

Ndiye a EGENCO, a ESCOM, a boma, musamangotiwerengera mamegawati. Tiuzeni makhitchini angati asiya makala. Apo ayi, sola wanuyo adzawala ku Salima, ife tikukumbanso abale athu m'matope.