Za Kalembo ka -n m'Chiesperanto ndi Umboni wa Chichewa

Mkangano wa kalembo ka -n, kamene kamaikidwa kumapeto kwa dzina la pamtherankhani m'Chiesperanto, ndi wakale ngati chinenerocho. L. L. Zamenhof anasindikiza malamulo ake m'chaka cha 1887. Mu 1894 iye mwini, atakakamizidwa ndi ofuna kusintha, anapereka ganizo lochotsa kalemboka, koma owerenga nyuzipepala ya La Esperantisto anakana. Amene anapanga Chiido mu 1907 anakasiya kuti kazioneka pokhapokha pamtherankhani watsogola. Otsutsa amakonda kunena kuti -n ndi katundu wa Chilatini wosenzetsa anthu amene zinenero zao sizisintha maina motero, ndipo ife a zinenero za Chibantu timatchulidwa ngati mboni. Ine ndikuti umboni wathu ukunena zina.

Nzoona kuti dzina la Chichewa silisintha. Mbuzi ndi mbuzi, kaya yaluma kaya yalumidwa. C. M. Doke, amene anaphunzitsa kuno ku Johannesburg pa Yunivesite ya Witwatersrand kuyambira 1923 kufikira 1953, anachenjeza kuti tisaveke zinenero zathu malaya a galamala ya Chilatini, ndipo sitiyenera kutcha mgwirizanitsi wathu dzina la "akuzativo". Koma ntchito imene -n amagwira pa dzina, ife timaigwira pa mneni.

Tiyeni tione. Tikati "Agalu analuma mbuzi", pamtherankhani ayenera kukhala pambuyo penipeni pa mneni. Tingathe kunena "Analuma mbuzi agalu", koma kupitirira apo sitingasunthe kanthu. Tikalowetsa -zi- m'mneni, chingwe chimamasuka: "Mbuzi agalu anaziluma", "Anaziluma agalu mbuzi", "Mbuzi anaziluma agalu". Joan Bresnan ndi Sam Mchombo anaonetsa mu 1987 kuti mgwirizanitsiyu akakhalapo, madongosolo onse 6 a mwininkhani, mneni ndi pamtherankhani amaloledwa. Chiesperanto chimagula ufulu womwewo ndi -n: "Hundoj mordis kaprojn" ndi "Kaprojn mordis hundoj" zikunena agalu omwewo ndi mbuzi zomwezo.

Ntchito yachiwiri ya -n, yosonyeza kolowera, nayonso si yachilendo kwa ife. "La kato saltas sur la tablo" ndi mphaka amene akulumpha ali patebulo pomwepo; "sur la tablon" ndi mphaka amene akulumphira patebulo kuchokera pena. Kusiyana kwa kulumpha ndi kulumphira mwana wa Mchewa amakudziwa asanayambe sukulu.

Palinso pamene njira yathu imaperewera. "Nyani anamuluma galu": maina onse awiri amatenga mgwirizanitsi mmodzi, ndiye womvera amadalira dongosolo la mau kapena nkhani yonse kuti adziwe woluma. Kalembo ka -n sikagwa m'mbuna imeneyi.

Wofuna kuona chinenero chimene chinataya zizindikiro zotere asapite kutali. Chifanakalo, chimene Amalawi ambiri obwera ndi Wenela anachiphunzira m'migodi ya golide ya kuno, chinatenga mau ochuluka a Chizulu nkusiya agwirizanitsi ake. "Mina bona yena" ndi "Yena bona mina" zimasiyana ndi malo a mau okha. Chinali chosavuta kuphunzira, inde, koma wolankhula analibe mpata wotsogoza liu limene akufuna kuligogomeza.

Otsutsa ali ndi mfundo imodzi yolemera: m'ziganizo zambiri mwininkhani amatsogola, ndipo -n amabwereza chimene dongosolo lanena kale. Komatu ifenso timati "Ndinamuona mwana" pamene "Ndinaona mwana" zikadamveka, ndipo palibe wa ife amene wapempha kuti -mu- achotsedwe.

Tsono olankhula Chiesperanto akhoza kusunga -n kapena kumtaya, chinenero nchao. Chimene tikukana nchakuti amtaye m'dzina lathu. Mphunzitsi wa Chiesperanto amene ali ndi ophunzira olankhula Chichewa, Chizulu kapena Chishona ayambire pa mgwirizanitsi wa pamtherankhani, pakuti ophunzirawo funso lakuti waluma ndani, walumidwa ndani, amaliyankha ndi galamala tsiku lililonse.