Nyumba ya madala isagwe chifukwa cha mabuloko

Woyenda pamsewu wochokera ku Biriwiri kulowera ku Ntengo-Wambalame masiku ano akuona malata akuthwanima mbali zonse. Kachewere wabweretsa ndalama, ndipo anyamata obwerera kuchokera ku Joni akufuna nyumba za mabuloko, zamazenera akuluakulu. Zimenezi nzokondweretsa. Koma m'mabanja ena zautsa mkangano: nanga nyumba ya madala ija, yamiyala ndi dothi, ichitidwe chiyani?

Mnyamata akuti igwetsedwe. Madala akuti agwetse iwo atatsikira kulichete. Pamenepa onse aziganiza mofatsa.

Nyumba zimenezi sizamasewera ayi. Nkhondo itatha mu 1992, anthu pobwerera kuchokera ku Ntcheu ndi ku Dedza anapeza zina zili chiimire, denga lokha litapsa. Anangofolera nkulowamo. Ndiponso mu Juni ndi Julaye, chisanu cha ku Tsangano chikalusa, khoma lochindikala limasunga kutentha kwa masana mpaka usiku, pamene wogona m'chipinda cha mabuloko amachezera kunjenjemera.

Nzeru ndi kuwonjezera zipinda pambali, koma mwaluso. Choyamba, chipinda chatsopano chikhale ndi maziko akeake, ndipo pokumba mmisiri asafukule pansi pa maziko akale. Nyumba yatsopano imatitimira pang'ono zaka zoyamba, pamene yakale inakhazikika kalekale. Mukazilumikiza molimba, mng'alu udzatulukira pomwepo. Siyani kampata ngati chala, mutseke ndi thabwa.

Chachiwiri, khoma lomangidwa ndi dothi musalipake pulasitala wa simenti. Simenti imatsekera chinyontho mkati, dothi nkufewa, miyala nkuyamba kugwedera. Laimu wosakaniza ndi mchenga ndiye woyenera.

Chachitatu ndi madzi. Malata atsopano asamakhuthulire mvula patsinde pa khoma lakale. Ikani ngalande yotaya madziwo kutali. Ndipo polowera m'chipinda chatsopano pakhale pomwe panali khomo kapena zenera kale, osati kuboola khoma mwachisawawa.

Akatero, mnyamata apeza balaza lowala la alendo ake, madala nawonso atsala m'chipinda chao chofunda momwe anabadwira ana onse. Mau a akulu akoma akagonera. Simenti imagulidwa tsiku lililonse, koma khoma limene linapirira nkhondo likagwa, palibe sitolo yogulako lina.