Kalata Yotseguka kwa Nduna ya Zaumoyo: Amayi Tinawaitana, Akubwera, Akupeza Chiyani?

Olemekezeka a Nduna,

Ndine mphunzitsi wa anamwino ndi azamba, ndipo ntchito yanga ina yakhala yofufuza chifukwa chake amayi ena amachira bwinobwino pamene ena amapita nayo mimba kumanda. Ziwerengero mukuzidziwa, poti zinatuluka ku National Statistical Office ku Zomba. Mu 2000, mwa ana 100,000 alionse obadwa amoyo, amayi 1,120 ankamwalira. Mu 2004 anali 984, mu 2010 anatsika kufika 675, ndipo mu 2015-16 anali 439. Kumisonkhano ya m'mahotela a kunyanja manambalawa amaomberedwa m'manja, anthu n'kusainira maalawansi. Koma dziko lino linalonjeza kufika pa 70 pomadzakwana 2030, ndipo chakacho chili pakhomo.

Chimene chikundiwawa ndi ichi. Mu 2007 boma linaletsa azamba a m'midzi kubereketsa. Malemu Bingu wa Mutharika anafewetsa chiletsocho mu 2010, koma mafumu ambiri anapitiriza kulipiritsa mbuzi kapena nkhuku kwa wochirira pakhomo. Mu 2012 Mayi Joyce Banda anayambitsa ndondomeko ya uchembere wabwino, nyumba zodikiriramo amayi zinamangidwa, mafumu onga a Kwataine a ku Ntcheu anayenda midzi kulalikira. Amayi anamvera. Pofika 2015-16, mwa ana 100 alionse, 91 ankabadwira kuchipatala. Amayi mbali yawo anakwaniritsa, Bwana. Wa ku Makanjira, wa ku Nthalire, wa ku Chapananga, amamanga zitenje, beseni, lezala ndi pepala la pulasitiki, n'kukwera kabaza mimba ili kutsogolo. Nanga akafika amapeza chiyani?

Amapeza mzamba mmodzi amene wachezera usiku, ndipo m'mawa akuyembekezekanso kusikelo. Magetsi akathima amabereketsa ndi tochi ya foni. Oxytocin, mankhwala oletsa kutaya magazi, amafuna kusungidwa pozizira, koma firiji inasiya kalekale. Magnesium sulphate wa mayi amene magazi akuthamanga mpaka kukomoka amapezeka mwa apo ndi apo. Mzambayo akaimba foni kuboma, amamva kuti ambulansi ilibe mafuta. Wophunzira wanga aliyense amadziwa kuti mayi wotaya magazi atachira akhoza kumwalira pasanathe maola awiri. Ngakhale afike kuchipatala chachikulu, ngati ndi nthawi ya holide magazi amavuta, chifukwa a Malawi Blood Transfusion Service amadalira kwambiri ana asukulu. Kodi amayi azisankha mwezi wochira potsata kalendala ya sukulu? Mkazi wa bwana wa ku Area 43 kapena ku Namiwawa zimenezi sazidziwa. Amalipira kupulaiveti, dokotala n'kumuyang'anira mpaka atuluke.

Pamene mzamba mmodziyo akulefuka, anzake amene tinawaphunzitsa, okhoza mayeso ndi kulembetsa ku Nurses and Midwives Council, ali pakhomo. Ena akugulitsa kaunjika. Bungwe la anamwino ndi azamba la NONM lalankhula za nkhaniyi mpaka mawu kusasa, yankho n'lomwelija lakuti ndalama zolembera antchito palibe. Ku Abuja mu 2001 atsogoleri a mu Africa anagwirizana kuti 15 peresenti ya bajeti izipita ku zaumoyo, koma bajeti zathu zambiri zaposachedwapa sizifikapo. Galimoto zatsopano za akuluakulu, izo zokha sizisowa ndalama.

Akatswiri tili nawo. Kamuzu College of Nursing, imene tsopano ili mu yunivesite ya KUHeS, yatulutsa anthu onga Pulofesa Address Malata, amene azamba a m'maiko ena amamvera akamalankhula. Kafukufuku wachitika, makomiti ofufuza imfa za amayi amakhala pansi n'kulemba zifukwa zake: anachedwa kutumizidwa, magazi panalibe, mankhwala anatha. Chaka chotsatira amalembanso zomwezo. Ndiye tikufufuziranji?

Za atsikana ndingotchula: mu 2015-16, mwa atsikana 100 a zaka 15 mpaka 19, 29 anali atabereka kale kapena ali ndi pakati. Pitani kuchipatala cha Bwaila mukaone amene anavulala pobereka, akudikira opaleshoni ya fistula. Zipatala zamishoni za CHAM nazo, zimene kumadera ena ndi zokhazo zimene anthu ali nazo, zimathandiza amayi mwaulere pokhapokha boma likamabweza ndalama za mgwirizano wake ndi zipatalazo pa nthawi yake.

Lembani ntchito azambawo, ndipo muwatumize kumene kulibe phula, muwamangire nyumba zogonamo. Mafuta a ambulansi akhale ndi thumba lakelake losakhudzidwa ndi misonkhano. Tatopa ndi kuyenda maliro a amayi amene anachita zonse zimene tinawauza. Bajeti ikubwerayi ndidzaiwerenga mzere ndi mzere, ndipo ndikufuna kudzaonamo chiwerengero cha azamba atsopano, boma ndi boma.

Ine wanu,
Mphunzitsi wa uzamba