Galimoto mwabweza, nanga bilu ya mamailosi yatani?

Pali nkhani ina imene ikuwasowetsa tulo abale athu okhala ku Britain, makamaka awo adapita kukagwira ntchito yosamalira okalamba dzikolo litatsegula khomo la ntchitoyi mu 2022. Kwa ena ntchito imeneyi ndi yoyenda khomo ndi khomo, ndipo wopanda galimoto amavutika nayo. Tsono ambiri amatenga galimoto pangongole yolipira mwezi ndi mwezi, imene kumeneko amaitcha PCP kapena hire purchase. Zinthu zikathina amabweza galimoto ija, koma patapita masabata angapo kalata imafika, ati lipirani chifukwa mudayenda mamailosi ochuluka kuposa amene tidagwirizana.

Kuti timvetsane, tiyambe ndi lamulo. Dziko la Britain lili ndi lamulo la ngongole la Consumer Credit Act la 1974. Gawo 99 la lamuloli limapatsa munthu ufulu wothetsa mgwirizano nthawi isanakwane ndi kubweza galimoto. Gawo 100 likuti wobwezayo akwanitse theka la ndalama zonse za mgwirizano, alipire zimene adatsalira m'mbuyo, ndiponso alipire ngati galimotoyo sadaisamale moyenera. Izi ndi zimene amati voluntary termination.

Apa mpofunika kuchenjera. Theka limene likunenedwali si theka la miyezi ayi. Ndi theka la ndalama zonse, kuphatikizapo chiwongola dzanja ndi chindalama chachikulu chija chimene pa PCP amachisiya kumapeto. N'chifukwa chake munthu amatha kudutsa pakati pa zaka za mgwirizano koma theka la ndalama asanalifike. Komanso amene adangobwereka galimoto pa lizi, popanda mwayi wodzaigula, ufulu umenewu alibe.

Nanga mkangano uli pati? Posaina, wogula amanena mamailosi amene aziyenda pachaka, ndipo mgwirizano umatchula mapeni amene adzalipire pa mailosi iliyonse yopitirira. Tiyerekeze kuti munthu adalemba mamailosi 8,000 pachaka koma akuyenda 14,000, ndipo mtengo wake ndi mapeni 10 pa mailosi. Pazaka ziwiri wapitirira ndi mamailosi 12,000, bilu yake mapaundi 1,200. Munthu amene wabweza galimoto chifukwa ndalama zamuthera, mapaundi 1,200 awatenga kuti?

Ogula amati lamulo lidanena theka, mawu oti mamailosi mulibemo, ndipo gawo 173 la lamulo lomweli limakana kuti mgwirizano ulande munthu chitetezo chimene lamulo lamupatsa. Makampani nawo amati ngongole ya mamailosi idayamba kuunjikana mgwirizano usanathe, kotero ndi ngongole yakale imene gawo 99 silifafaniza. Ena amawonjezera kuti kuyendetsa galimoto mopitirira muyeso n'kusaisamala komwe.

Maganizo anga ndi awa. Mfundo yoti kuyenda kwambiri n'kusasamala ndi yabodza. Galimoto adaipangira kuyenda. Munthu amene amapita nayo ku sevisi pa nthawi yake, matayala ali bwino, mipando yosang'ambika, waisamala ndithu ngakhale itayenda chotani. Funsani oyendetsa minibasi pakati pa Limbe ndi Blantyre akuuzani kuti chimapha galimoto ndi kusathira oilo, osati msewu. Komanso aphungu amene adalemba lamulo la 1974 adafuna kuti wosauka akhale ndi potulukira ngongole ikamukulira. Potulukira pamene paikidwa mlonda wolipiritsa si potulukiranso.

Komabe wakutsina khutu ndi mnansi. Ndikunama ndikakuuzani kuti mukangokana kulipira basi nkhani yatha. Bungwe loweruza madandaulo a zachuma la Financial Ombudsman Service lagamulapo kambirimbiri mokomera makampani pamene mgwirizano udalemba momveka bwino za mamailosi ndipo wogula adasaina. Ndipo kungotaya makalata m'bini n'kudziputira tsoka, chifukwa kampani ikhoza kulembetsa dzina lanu m'kaundula wa olephera kubweza ngongole, ndipo chipsera chimenechi chimakhala zaka 6. Pa zaka zonsezo kupeza ngongole ya nyumba, ngakhale foni yapangongole, kumakhala kovuta.

Tsono wotsutsa atsutse mwanzeru. Pothetsa mgwirizano alembe kalata yotchula gawo 99, osati kungoimba foni, ndipo asalole kusokonezedwa ndi voluntary surrender, poti imeneyo ndi njira ina imene kampani imagulitsa galimoto n'kukulipiritsa zonse zotsala. Tsiku lobweza ajambule galimoto mbali zonse pamodzi ndi nambala ya mamailosi. Asasaine pepala lililonse asanaliwerenge, chifukwa mapepala ena amakhala ovomereza bilu imene sanaione. Bilu ikafika afunse kuti yachokera pa ndime iti ya mgwirizano ndipo masamu ake awerengetsa bwanji, makamaka ngati agawa mamailosi molingana ndi miyezi imene galimoto idali m'manja mwake. Akapanda kukhutira alembe dandaulo. Kampani ili ndi masabata 8 oti iyankhe, ndipo ikapereka yankho lake lomaliza iye ali ndi miyezi 6 yokasuma kwa Ombudsman, kwaulere.

Koma nawonso ogula asadziyeretse. Alipo amene amalemba dala mamailosi ochepa kuti ndalama ya pamwezi itsike, ndipo ogulitsa ena amangovomereza poti chawo ndi komishoni. Uku n'kukwirira njoka m'nyumba momwe ukugona. Bungwe la Financial Conduct Authority, limene lakhala likuyang'anira ngongole zoterezi kuyambira mu 2014, liyenera kukakamiza ogulitsa kuti azinena pakamwa, munthu asanagwire cholembera, kuti ngakhale mutabweza galimoto pa theka, bilu ya mamailosi idzakutsatani. Aphungu a ku London nawonso alembe lamulo momveka kuti mkanganowu uthe, m'malo mosiya wosamalira okalamba akulimbana yekha ndi maloya a kampani.

Wina afunsa, ife a mu Ndirande, Kawale ndi Chibavi zikutikhudza bwanji? Zikutikhudza zedi. Mapaundi 1,200 amene apita ku kampani ija ndi fizi ya mwana amene ali ku koleji kuno, ndi mpamba wa mayi wa kaunjika amene amadalira mlongo wake wa ku Leicester. Ndiponso matenda osaina tisanawerenge ndi athu omwe. Kabaza wapangongole, filiji yapangongole, ngongole ya pafoni, zonsezi zili ndi timalemba ting'onoting'ono kumunsi, ndipo mbuna imakhala mmenemo.

Inu ophunzira amene Chingerezi chimakumverani, awerengereni makolo ndi azibale anu mapepala amenewa asanadinde chala. Funsani kuti ndikafuna kuleka pakati ndidzalipira zingati, ndipo yankho lake lilembedwe. Paja akulu adati safunsa adadya phula.