Kodi sukulu yopanga magitala ndi yogulitsira munda?



Loweruka lapitali kunyumba kunabwera mlendo, mnyamata amene ndinamuphunzitsa mpaka Folomu 4 zaka zingapo zapitazo. Dzina sinditchula. Anafika atakulunga chinthu m'chitenje, ndipo atamasula ndinaona kuti ndi gitala yamagetsi. Anaipanga yekha. Thupi lake anasema kuchokera ku thabwa la mbawa, khosi anapala yekha, zamagetsi anachotsa pa gitala yakufa ya kutchalitchi kwawo. Kunena zoona, ndinachita nayo chidwi.

Titamwa tiyi ndi pamene anatula nkhani. "Sala, ndapeza sukulu ku America yophunzitsa kupanga magitala. Ndikufuna mundilembere kalata, komanso mukalankhule ndi amayi. Inu akumverani." Nditafunsa kuti ndikalankhule nawo zotani, anayang'ana pansi. Akufuna agulitse munda umene malemu bambo ake anasiya.

Ndinamuyankha kuti ayi, osati panopa. Ndikudziwa kuti ena a inu mudabwa kumva mphunzitsi akuletsa mwana kupita kusukulu, ndiye ndiloleni ndifotokoze.

Sukulu imene akunenayo ilipodi ndipo si yachinyengo. Dzina lake ndi Roberto-Venn, ili mumzinda wa Phoenix ku Arizona, ndipo inayamba mu 1975. Maphunziro ake ndi a miyezi isanu, ndipo wophunzira amapanga magitala ndi manja ake komanso amaphunzira kukonza owonongeka. Koma malipiro ake ndi madola masauzande ambiri. Pamwamba pake muikepo ndege, visa, nyumba, chakudya ndi zipangizo. Muwerengetse zimenezo m'makwacha, kenaka muyang'ane munda wa mayi wamasiye. Ngakhale atagulitsa wonse, ndikukayika ngati zingakwane.

Koma tiyerekeze kuti ndalamazo zilipo. Funso langa ndi lakuti, kodi kumeneko akukagula chiyani chimene kuno sangachipeze?

Ndinamupempha kuti aimbe. Pamene ankagwira pafupi ndi mutu wa gitala, mawu ankamveka bwino. Atangotsikira cha kuthupi, zinthu zinayamba kusokonekera, ngati kwaya imene aliyense watenga kiyi yake. Iye anati mwina vuto ndi nsambo zotchipa. Ine ndinalowa m'nyumba kukatenga rula.

Pakhosi la gitala pamakhala timizere tachitsulo timene oimba amatitcha mafureti. Kamzere ka nambala 12 kamayenera kukhala pakati penipeni pa nsambo, chifukwa ukadula utali wa nsambo pakati, mawu amakwera n'kufika pa noti yomweyo koma yam'mwamba. Pa magitala a Fender nsambo imatalika mainchesi 25.5, omwe ndi mamilimita 648, ndiye pakati pake ndi pa 324. Titayeza ya mnzathuyu tinapeza 324 mbali imodzi, 333 mbali inayo. Amisiri amawonjezerako timamilimita tochepa cha kumunsi kuti mawu alondole, koma osati 9. Mlatho umene nsambo zimatsamirapo anauika patali. Mafureti enawo anawaika poyerekeza ndi chithunzi cha pafoni.

Pamenepo ndinamufunsa ngati akukumbukira geometric progression. Anaseka, nati anaisiya m'chipinda cholembera mayeso. Komatu ndi imeneyo imene imayendetsa khosi la gitala. Umatenga utali wa nsambo n'kugawa ndi 17.817. Pa 648 umapeza 36.4, ndipo pamenepo ndi pa fureti yoyamba. Umachotsera, patsala 611.6, n'kugawanso ndi nambala yomweyo, upeza 34.3 kufika pa yachiwiri. Ukapitiriza choncho kakhumi ndi kawiri ufika pa theka ndendende. Samu imeneyi siifuna ndege. Imafuna pensulo, kakyuleta ndi kudekha.

Chimodzimodzi zamagetsi. Kachipangizo kamene kamatola mawu pansi pa nsambo, kamene oimba amati pickup, osati galimoto ija ayi, ndi maginito okulungidwa ndi waya wa kopa wopyapyala ngati tsitsi, maulendo pafupifupi 8,000. Nsambo yachitsulo ikamanjenjemera pamwamba pa maginito, muwayamo mumabadwa timagetsi tochepa timene ampu imakuza. Michael Faraday anatulukira zimenezi mu 1831, ndipo ife timaziphunzitsa mu fizikisi chaka ndi chaka, ana akuyasamula.

Anthu okonda nkhani imeneyi amathamangira kutchula mayina a amene sanapite kusukulu ya magitala. Leo Fender, amene anatulutsa Telecaster kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950 ndi Stratocaster mu 1954, anali wokonza mawailesi ku Fullerton ku California, ndipo gitala sankadziwa kuimba. Brian May wa gulu la Queen anayamba kupanga gitala yake mu 1963 pamodzi ndi bambo ake. Khosi anasema kuchokera ku thabwa lakale la pamalo owothera moto, ndipo masipuling'i anachotsa mu injini ya njinga yamoto. Gitala imeneyo ndi imene wakhala akuimbira m'mabwalo akuluakulu moyo wake wonse.

Nkhanizi ndi zoona, koma tisamazinene moperewera. Fender ankadziwa zamagetsi kuposa oimba onse amene ankabwera mushopu mwake. Bambo ake a May anali injiniya wa zamagetsi, ndipo May mwiniyo ndi munthu wa sayansi amene anadzamaliza digiri ya udokotala pa za nyenyezi mu 2007. Anthu amenewa sanali mbuli zamwayi. Anali ndi maphunziro, kungoti anawatenga kwina n'kuwabweretsa pa thabwa. Ndiye mwana asamanene kuti "Fender sanapite kusukulu" pamene iye akulephera kugawa 648.

Tsono ndisakhale wokondera. Zilipo zimene sukulu yabwino imapereka zomwe buku kapena vidiyo ya pa YouTube singapereke msanga. Chachikulu ndi diso la mmisiri amene waima pambali pako. Nsambo zisanu ndi imodzi zikamangidwa zimakoka khosi ndi mphamvu yoposa makilogalamu 40, usana ndi usiku. N'chifukwa chake m'kati mwa khosi mumadutsa ndodo yachitsulo yolimbana ndi kukokako. Kudziwa kuti uipotokole pang'ono bwanji, kusalaza mafureti onse kuti pasakhale imodzi yotumphuka, kuzindikira thabwa limene silinaume ndipo lidzapindika mvula ikadzayamba, kupopera utoto osasiya madontho, zonsezi wekha ungazidziwe utawononga magitala khumi. Pali mphunzitsi ungazidziwe utawononga imodzi. Sukulu imagulitsa nthawi. Imafupikitsa zaka zisanu zolakwitsa kukhala miyezi isanu.

Koma taonani, munthu amene amapindula ndi miyezi isanu imeneyo ndi amene wafika kale ndi mafunso. Amene wapanga magitala atatu n'kuona kuti onse akulira molakwika pa fureti ya 15 amamva yankho kamodzi n'kuligwira. Amene wapanga imodzi yokha amathera mwezi woyamba kuphunzira kunola tchizulo, chinthu chimene kalipentala wa pamsika akanamuphunzitsa pomulipira ndi kumusesera utuchi. Kulipira madola kuti uphunzire kunola tchizulo ndi kuwononga.

Funso lina limene anyamata safuna kulimva ndi ili: ukabwerako, adzagula ndani? Satifiketi ya sukulu yotere siili ngati ya unamwino kapena ya uphunzitsi imene imakutsegulira khomo la ntchito. Woimba safunsa pepala. Amanyamula gitala, kuimba mphindi ziwiri, basi waweruza. Ndipo gitala yopanga pamanja imadya masabata ambiri, pamene mafakitale a ku China ndi ku Indonesia amatulutsa magitala abwino ndithu pa mtengo umene munthu mmodzi sangapikisane nawo. Woimba wa kuno amene ali ndi ndalama zochuluka amalota dzina la Fender kapena Gibson pamutu pa gitala. Amene alibe amagula yotchipa kapena yakale. Pakati pamenepa malo ndi ochepa.

Pamene pali ntchito yeniyeni ndi pokonza. Lowani m'chipinda chosungira katundu cha tchalitchi chilichonse chimene chili ndi bandi. Mupezamo magitala awiri kapena atatu atatsamira khoma. Ina waya unaduka m'kati, ina khosi linapindika, ina polowetsa chingwe panakhwepa ndipo imangolira phokoso. Ambiri mwa amenewa safuna zambiri: kuwotcherera waya, kupotokola ndodo ija, kusintha nsambo. Eni ake anawataya mtima chifukwa sadziwa wowakonza. Mnyamata amene angadzutse magitala makumi asanu otere adzakhala ataona m'mimba mwa magitala a mafakitale osiyanasiyana, akulipidwa pophunzirapo, ndipo dzina lake lidzakhala litamveka kwa oimba onse a m'boma lake.

Ndiponso tisaiwale kuti kupanga choimbira ndi manja si chachilendo kwathu kuno. Tonse tinakula tikuona mabanjo a zigubu za mafuta ndi nsambo za waya wa buleki. Babatoni imene Gasper Nali ndi a Madalitso Band amaimba, mpaka kukafika nayo ku Ulaya, sinatuluke mufakitale. Manja tili nawo. Mbawa imene mnyamatayu anagwiritsa ntchito ndi mtengo umene opanga magitala kunja amaugula ndi ndalama zambiri pansi pa dzina la African mahogany. Chimene chimatisowa ndi muyeso, kusiyanitsa 324 ndi 333.

Apa ndiye pamene ife aphunzitsi tiyenera kudziyang'ana. Mnyamatayu anakhala m'kalasi mwanga zaka ziwiri, akujambula magitala kumbuyo kwa kope, ndipo ine sindinaganizepo ngakhale tsiku limodzi kubweretsa gitala m'kalasi pophunzitsa ma progression. Ndinkamulanda kopelo. Akanadziwa kuti samu ija ndi ya khosi la gitala, sakanaisiya m'chipinda cha mayeso. Mlandu umenewo ndi wanga, ndipo teremu ikubwerayi ndikabwereka gitala ya kwaya ya pasukulu.

Tinagwirizana chonchi. Apeze kalipentala waluso amugwirire ntchito chaka chathunthu. Apeze wokonza mawailesi ndi ma ampu amuphunzitse kuwotcherera bwino. Akonze gitala iliyonse yakufa imene angaipeze, ndipo alembe m'kope vuto lake, chimene anachita, ndi ndalama zimene analandira. Apange magitala ena atatu, ndipo agulitseko imodzi kwa munthu amene si m'bale wake. Akachita zimenezi n'kukhalabe ndi njala ya sukulu, kalata ndidzalemba ndi manja awiri, ndipo tidzafunafuna thandizo kwina kulikonse kupatula munda. Munda umenewo ndi umene ukudyetsa amayi ake ndi azing'ono ake awiri. Sukulu idzakhalapobe zaka zitatu zikubwerazi. Munda ukapita wapita.

Sanasangalale, ndipo sindikumuimba mlandu. Anakulunga gitala yake mwakachetechete. Koma pofika pageti anabwerera, nati, "Sala, nambala ija munati 17 point chani?" Ndinamulembera pachikhatho.

Kwa amayi ake ndipitabe Lamlungu likubwerali, koma ndi uthenga wina. Inu amene mukudziwa mmisiri wodekha amene angalandire mnyamata wakhama, kapena tchalitchi chimene chili ndi magitala ogona, ndiuzeni tikakumana.